Kutengera Ana ku Nyanja: Malangizo a Ulendo wa Banja ku Cape Maclear

Ana ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre nyanja ya Malawi amaidziwira pa mapu a m'kalasi ndi m'mbale ya usipa basi. Aloweza kuti ndi yachitatu kukula mu Africa, kuti pena imazama mamita 700, koma phazi lawo silinapondeko mchenga wake. Izi zimandiwawa, chifukwa alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona chinthu chimene ife tili nacho pakhomo. Ulendo wa mausiku awiri ku Cape Maclear, komwe eni dera amati kwa Chembe, ndi wotheka kwa banja wamba likakonzekera. Ndauyenda kangapo ndi ana, pa galimoto komanso pa minibasi, ndipo chimene ndaphunzira n'chakuti nyanja ili ndi nthawi zake. Inu ndinu oyenera kutsatira nthawizo, chifukwa iyo sisintha kuti igwirizane ndi tchuthi chanu.

1. Sankhani mwezi poyang'ana mphepo

Musanayang'ane m'thumba, yang'anani kalendala. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakummawa, yozizira ndiponso yautsa mafunde. Asodzi amauopa, ndipo ali ndi chifukwa: sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946 kumpoto kwa nyanjayi itakumana ndi namondwe, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Kwa Chembe kuli mwayi woti gombe linayang'ana chakumadzulo ndipo mapiri amatchinga kumbuyo, motero mwera sufika ndi mphamvu zake zonse ngati mmene umachitira ku Senga Bay. Komabe mukangotuluka kuseri kwa zilumba, mudzaudziwa.

Miyezi imene ndimaikonda ndi Epulo kumapeto mpaka Meyi kumayambiriro, pamene mvula yakata, mapiri adakali obiriwira ndipo madzi ayamba kuyera. Kenako Seputembala ndi Okutobala, pamene nyanja imagona bata mmawa wonse. Okutobala amatentha zedi, mchenga umawotcha mapazi pofika 10 koloko, koma madzi amakhala ofunda bwino kwa ana. M'dzinja kumakhala mphepo ya mpoto, ziphaliwali ndi udzudzu wambiri.

Ngati mungathe, pewani tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, komanso Khirisimasi ndi Pasaka. Masiku amenewa gombe limadzaza, mitengo ya zipinda imakwera, mowa umayenda, ndipo ndi masiku amene timamva nkhani za anthu omira. Mwana wamng'ono amasowa mosavuta pakati pa chinamtindi cha anthu. Sabata yotsatira mudzapeza nyanja yomweyo ili phee.

2. Imbani foni musananyamuke

Malo ogona kwa Chembe alipo a thumba lililonse: maloji odula, zipinda wamba, ndi mabwalo omangapo tenti. Musangodalira zithunzi za pa Facebook. Imbani, mufunse zinthu izi momveka: kodi bedi lililonse lili ndi neti? Pali khitchini yoti mlendo n'kudziphikira? Magetsi akazima pali sola kapena jenereta? Alipo mtengo wa Amalawi? Ana amalipira bwanji? Funsaninso ngati gombe la pamalopo lilipo ndithu, chifukwa mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri moti malo ena mchenga wonse unamira.

Khitchini ndi imene imapulumutsa ndalama. Banja la anthu asanu likamagula chakudya cha mmawa, masana ndi madzulo pa loji, ndalama ya chakudya imaposa ya chipinda. Tengani ufa, mpunga, mafuta, shuga ndi masamba a tiyi kunyumba. Nsomba, tomato ndi anyezi mukagula konko.

Ndalama muzigawe panayi: ya mayendedwe, ya pogona, ya boti ndi kulowa m'paki ya Lake Malawi National Park, ndi ina yapadera yoti isakhudzidwe pokhapokha patagwa vuto. Tapani ndalama ku Lilongwe, ku Blantyre kapena pa boma la Mangochi, osayembekezera kukatapira kwa Chembe. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito, koma eni maboti ndi amayi ogulitsa nsomba amakonda ya pamanja, yosinthasintha. Musaiwale chiphaso cha unzika, chifukwa polowa m'paki Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja.

3. Zolongedza

Zipewa, zitenje ziwiri kapena zitatu (chitenje chimakhala thaulo, mthunzi ndi mphasa), nsapato zapulasitiki zoyendera pamiyala, tochi, mankhwala othamangitsa udzudzu, panado wa ana, mapaketi a thanzi, bandeji ndi madzi akumwa okwanira. Mafuta oteteza ku dzuwa ndi ofunika ngakhale kwa ife akhungu lakuda. Mwana akakhala m'madzi maola atatu mapewa amasupuka. Ngati m'banjamo muli wachialubino, zovala zamikono itali ndi chipewa chachikulu zikhale zoyamba kulowa m'chikwama. Mukatha kugula kapena kubwereka jekete yoyandamitsa ya msinkhu wa mwana wanu, itengeni. Chifukwa chake ndifotokoza tikafika pa boti.

4. Msewu, ndi poti muimepo

Ochokera ku Lilongwe tengani M1 kudutsa Dedza, mukhote pa Masasa n'kutsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako mulowere msewu wa ku Monkey Bay. Khwekhwerere ndi wokongola, chigwa chonse chimaoneka pansi, koma ndi wokhotakhota: yesani mabuleki musananyamuke, tsikani ndi giya yaing'ono, ndipo mwana amene amachita chizungulire asadye zonona. Ochokera ku Blantyre njira ndi ya Zomba, Liwonde, Mangochi. Mbali zonse werengerani maola anayi kapena asanu pamodzi ndi kuima. Nyamukani 6 koloko mmawa kuti mukafike dzuwa likadalipo, ndipo thirani mafuta paliponse mwawapeza, thanki isatsike theka.

Musanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yokhotera kumanzere. Kuchokera apo ndi makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri a paki. Apa chepetsani liwiro, anyani amakhala pamsewu. M'mbali mwa msewu womwewu muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama ngati mphini zimene agogo athu ankatema. Imani mphindi khumi ana aukhudze. Mizereyo sanaitema ndi munthu, inangopangika m'kupita kwa zaka, koma ana amakonda kutsutsana za amene anaitema.

Oyenda pa minibasi mukatsikira ku Monkey Bay, kenako matola kapena njinga zamoto. Ndi ana, dikirani galimoto ngakhale ichedwe kudzaza. Kupanikiza ana awiri ndi chikwama pa njinga yamoto m'makhotamo ndi kuika moyo pachiswe.

Ngati nthawi ilipo, a ku Lilongwe patukirani ku Mua, kumpoto pang'ono kwa Golomoti. Mishoni ya pamenepo inayamba mu 1902, ndipo malo a Kungoni, amene bambo Claude Boucher anawakhazikitsa mu 1976, ali ndi nyumba yosungiramo mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. A ku Blantyre imani pa Mangochi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene pali nsanja ya wotchi ya 1903, mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914, ndi chikumbutso cha anthu a mu Vipya aja.

5. Tsiku lofika: malamulo ayambe, kusambira kutsatire

Ana akangoona madzi amavula malaya akuthamanga. Agwireni kaye. Funsani mlonda kapena wogwira ntchito pamalopo, munthu wobadwira konko, kuti posambira pabwino ndi pati, pamene pamazama mwadzidzidzi ndi pati, ndiponso ngati mvuu kapena ng'ona yaonekako masiku amenewo. Safunsa anadya phula. Nyamazi zimakonda m'mabango ndi pamathiriro a mitsinje, ndipo zimayenda kwambiri chisisira ndi usiku. Choncho dzuwa likalowa, aliyense atuluke m'madzi, wamkulu yemwe.

Kenako gawanani ulonda. Nthawi iliyonse ana ali m'madzi, wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito imodzi yokha, yowayang'ana. Foni ikhale m'chikwama, botolo la mowa lisakhale m'manja, ndipo akafuna kuchoka atchule dzina la womulandira. Ife timachita kupatsirana chipewa chimodzi chofiira: wavala chipewacho ndiye mlonda. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa mwana womira sakuwa. Amangoti zii, mutu kutuluka, kulowa, pomwe akuluakulu asanu ali chapafupi aliyense akuganiza kuti mnzake akuona. Wosadziwa kusambira asapitirire madzi a m'chiuno. Machubu ndi matiresi opopa musawakhulupirire, kamphepo kochokera kumtunda kamawakankhira pakati mwakachetechete.

Za likodzo tinene poyera: m'dera limeneli lilimo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pamene pali udzu ndi mabango, ndi pamene anthu ambiri amachapa ndi kusamba. Timalowa pakhungu, simumva kanthu. Sambirani pamchenga woyera kapena pamiyala ya kuzilumba, mukatuluka dzipukuteni bwino ndi kusamba ndi sopo. Izi zimachepetsa chiopsezo koma sizichichotsa, n'chifukwa chake gawo lomaliza lili ndi ntchito yoti mukachite kunyumba.

6. Tsiku lachiwiri mmawa: boti la ku Thumbi

Apa ndiye pagona ulendo wonse. Chilumba cha Thumbi chimaoneka pafupi kuchokera pagombe, ndipo boti la injini limafika m'mphindi zochepa. Chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Kambiranani ndi mwini boti madzulo a tsiku lofika, osati mmawa ana atayamba kale kukukokani malaya. Pemphani a pamalo mwagonapo akulozereni wotsogolera alendo wodziwika. Mugwirizane zinthu zisanu: mtengo wa boti lonse, ngati ndalama ya paki ili momwemo kapena ayi, ngati akuphikirani, magalasi a m'madzi angati, ndi majekete oyandamitsa angati. Perekani gawo lochepa la mafuta ndi nsomba, yotsala mukabwerako.

Majeketewo muwaone ndi maso anu boti lisanachoke. Ulendo wina tinagwirizana zonse bwinobwino, koma mmawa m'boti munali majekete atatu a akuluakulu, ife tili asanu ndi mmodzi. Mwini boti anati, "Bwana, musadandaule, lero nyanja yagona." Ndinakana kukweza ana. Tinataya ola lathunthu iye akuzungulira kubwereka, ana akulira, ndipo pobwerera masana kamphepo kanadzuka, madzi n'kumalowa m'boti. Jekete ya wamkulu mwana imamuvuka akagwera m'madzi, imatsala ikuyandama yokha. Muvekeni yake, mumange zingwe zonse, mumunyamule pamapewa a jeketeyo. Ikakwera kufika m'makutu ndiye kuti yakula.

Nyamukani 8 koloko. Mmawa nyanja imakhala yosalala ndipo dzuwa limalowa bwino m'madzi. Pofika ku Thumbi boti limakocheza pamiyala ikuluikulu. Musafulumire kumuika mwana pakuya. Mukhazikeni pamwala, miyendo m'madzi, mumuveke magalasi, aphunzire kupuma ndi kapaipi kopumira m'madzi nkhope ili panja. Mukapaka malovu pang'ono m'kati mwa galasi n'kutsuka, silichita nthunzi. Akazolowera, aweramitse nkhope. Mwana wanga wamkazi atachita zimenezi koyamba anadzutsa mutu n'kukuwa, kapaipi kali m'kamwa, mawu osamveka. Pansi pa mawondo ake panali mbuna, tinsomba tokhala m'miyala, zosawerengeka: zabuluu wowala, zachikasu ngati nthochi yakupsa, zamizeremizere, zina zikubudula ndere pamwala ngati mbuzi pa msipu, imodzi ikuthamangitsa inzake pakamphako kake. Zinkamugunda zala osaopa.

Muuzeni ayang'ane nsomba imene yatupa kukhosi ndipo sikudya. Imeneyo ndi mayi, wafungatira mazira kapena ana m'kamwa. Mbuna zimalera choncho, chambo chimodzimodzi. Mitundu ya nsomba m'nyanja muno ilipo mazanamazana, yoposa ya nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Zina zimakhala pa chilumba chimodzi chokha, moti za ku Thumbi zimasiyana ndi za ku Mumbo. Mwana akamva izi ali m'madzi momwemo, phunziro la sayansi limakhazikika kuposa la pa bolodi. Kuwedza kapena kugwira nsomba pafupi ndi zilumbazi n'koletsedwa, ndipo musalole kuti wina akuikireni mbuna m'botolo kuti mupite nayo.

Mukatha kusambira, boti limazungulira kuseri kukadyetsa nkhwazi. Mnyamata wa boti amabaya kabango m'kansomba kuti kayandame, amaimba likhweru, n'kukaponya. Pamtengo wa pachilumba mbalame ya mutu woyera ija imayankha ndi kulira kwake, mutu utagadamira kumbuyo, kenako imatsika mapiko ali tambalale, zikhadabo kutsogolo, n'kutola nsombayo madzi osagwedezeka kwenikweni. Foni ikhale yokonzeka, koma koyamba ingoonani ndi maso. Auzeni ana kuti mbalame imeneyi ndi yomwe ili pa chizindikiro cha dziko lathu.

Chakudya amaphikira pamiyala pomwepo: kampango kapena chambo chowotcha, mpunga kapena nsima, ndi supu wa tomato. Pofika 1 koloko yambani kubwerera, chifukwa mphepo imakonda kudzuka masana. Woyendetsa boti akati tiyeni tizipita, musachite naye makani ngakhale mwalipira tsiku lonse. Iye akuona mtundu wa madzi kutali, inu simukuuona.

Achinyamata okulirapo angabwereke kayaki n'kupalasa m'mbali mwa gombe kulowera ku Otter Point, atavala majekete, mmawa. Kuwolokera ku zilumba za Domwe kapena Mumbo kumafuna wotsogolera.

7. Masana ndi madzulo: zapamtunda

Dzuwa likapendeka, pitani ku Otter Point, kumapeto kwa gombe, polowera m'paki. Pali kanyumba kophunzitsira za nsomba ndi zachilengedwe, mlambe waukulu wakalekale, ndi miyala yabwino kukhalapo. Anyani a kumeneko anazolowera anthu. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, mwana asayende ndi nthochi m'manja, ndipo musawaponyere kanthu.

Chapafupi pali manda a amishonale. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo dzina la Cape Maclear analipereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishonale a ku Scotland, pakati pawo Robert Laws, anafika pa sitima yaing'ono ya Ilala n'kumanga pano mishoni yoyamba ya Livingstonia. Malungo anawatha, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 ku Khondowe, komwe Livingstonia ili lero. Mandawo ndi ochepa, pansi pa phiri, opanda zokongoletsa. Mwana amene akuphunzira mbiri ku pulayimale amadabwa kuona kuti zimene analoweza zili ndi malo enieni. Ndi mpata wabwinonso womukumbutsa chifukwa chake usiku agone mu neti. Ilala imene ikuyenda lero inayamba ntchito mu 1951, ndipo kwawo ndi pa doko la Monkey Bay. Mukapeza yakocheza pobwerera, patukani ana aione.

Mudzi wa Chembe nawo ndi woti muuyende, koma mwaulemu, chifukwa ndi kwawo kwa anthu. Mukachoka pamchenga valani malaya, amayi mangani chitenje. Perekani moni. Musajambule munthu amene akusamba kapena kuchapa, ndipo wina aliyense mupempheni kaye. Pa doko mudzaona usipa utayanikidwa pa thandala, abambo akusoka ukonde wa chilimira pamthunzi, ena akusema bwato kapena kuchita bawo. Ana akafuna ziboliboli kapena mikanda, nenererani mtengo, koma musamufinye wosema mpaka atsale opanda phindu.

Kukada khalani pagombe. Dzuwa limalowa kutsogolo kwanu, kenako kutali pamadzi kumayamba kuyaka nyali imodziimodzi mpaka mzere wonse. Amenewo ndi asodzi a usipa: siginala amakhala m'bwato ndi nyali kukopa nsomba, anzake n'kuzinga ndi chilimira. Mukadzuka 5 koloko mmawa mudzawaona akukocheza, amayi atandanda ndi mabeseni.

8. Kubwerera, ndi za kunyumba

Nsomba zopita nazo gulani mmawa wa tsiku lonyamuka. Chambo chabwino chimakhala ndi maso owala, makha ofiira, ndipo mukadina ndi chala mnofu umabwerera. Chitumbuleni pomwepo, muike m'bokosi la ayezi; ngati mulibe, gulani chowamba kapena usipa wouma. Kasawala, tiana ta chambo, musagule ngakhale atchipe bwanji. Chambo chachepa m'nyanja muno chifukwa chogwidwa chisanaswane, ndipo wogula ndi amene amalimbikitsa wogwira. Mabotolo, majumbo ndi matewera a mwana nyamulani, musakwirire mumchenga.

Mukafika kunyumba, aliyense amene watentha thupi m'masabata otsatira apite kukayezetsa malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kuti munali kunyanja. Za likodzo lembani pa kalendala: pakatha miyezi iwiri, banja lonse lipite kuchipatala, ngakhale palibe amene akumva kupweteka. Kumwa mankhwala tsiku lobwera sikuthandiza, chifukwa praziquantel amapha nyongolotsi zikakula, osati zikadali zazing'ono. Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, motero musagawire ana mapiritsi mongoyerekeza, ndipo amwe atadya. Mwana akanena kuti mkodzo ukutuluka ndi magazi kapena akumva kuwotcha pokodza, musadikire kuti miyezi iwiriyo ikwane.